Tsiku Limene Chigafa cha a Chirambo Chinauluka

Ku Hewe munthu akangoti "Asambizgi", ndiko kuti aphunzitsi m'Chitumbuka, osawonjezerapo dzina, aliyense amadziwa kuti akunena a Manasseh Chirambo. Choko anachisiya kalekale. Zimene anatsala nazo ndi munda wa fodya, njinga yakuda yokalamba ngati mwini wake, ndi wezulo imene amayenda nayo m'khosi ngakhale popita kumaliro.

Anabadwira komweko, mwana wachitatu wa mkulu wa mpingo. Ataphunzira pa sukulu ya mishoni anakhala mphunzitsi, nazungulira sukulu zingapo za m'chigwa cha Nkhamanga, ndipo kulikonse kumene ankawatumiza ankayambitsako kwaya asanamasule n'komwe katundu. Kwayayo ndiyo inawapatsa matenda amene akalamba nawo. A Chirambo sakhulupirira kuti pali chinthu chimene chingayende bwino chisanayeseredwe. Mawu awo ndi amodzi basi: pulakatisi.

Ukwati wawo ndi a Dorica NyaHarawa anauyeserera katatu, ndi kuvekana mphete komwe, moti a NyaHarawa amati tsiku lenilenilo analowa m'tchalitchi ali otopa ngati munthu amene wakhalitsa kale pabanja. Mwana wawo Kezia atabadwa, ubatizo anauyeserera ndi dzungu lokulunga m'shawelo. Chaka china anapempha akuluakulu a mpingo kuti awalole kuyeserera maliro awo omwe, ati amve ndi makutu awo amene adzawononge nyimbo. Akuluakuluwo anakana, ndipo a Chirambo anatupa nkhope mwezi wathunthu.

A NyaHarawa ndi mayi wa mawu ochepa, koma wosadziwa kukhala pansi. Akati akhale, akumbukira kuti madzi atha mumtsuko. Akati akhalenso, nkhuku zalowa m'khitchini. Ngakhale m'tchalitchi, ulaliki ukatalika ankatuluka mwakachetechete kukaona ngati mbuzi sizinadule chingwe.

Ndiye panabwera nkhani ya ulendo. Kezia, amene ndi nesi ku Mangalande, anali woyembekezera mwana woyamba, ndipo anafuna kuti mayi ake akakhale naye. Mapepala onse atatheka Kezia anaimba foni. A Chirambo anakayankhira pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigafa, chifukwa pakhomo pawo netiweki imapezeka pokhapo.

"Adada, amama adzakwerera ku Lilongwe," anatero Kezia. "Kukafika ku Addis Ababa ndi maola anayi. Akakapumako, adzakwera ndege ina, maola asanu ndi atatu kudzafika ku London."

"Nanga mtunda wake?"

"Wonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 8,500."

A Chirambo anatsika pachulu, natola kamtengo, nayamba kuwerengera pansi. Anapeza kuti mtundawo ndi ngati kupalasa njinga kuchoka ku Hewe kupita ku Boma maulendo opitirira handiredi. Zimenezo sizinawaopse, popeza wopalasa si mkazi wawo. Chimene chinawaopsa ndi samu yachiwiri. Anayi kuphatikiza asanu ndi atatu, khumi ndi awiri. Anatembenuka kuyang'ana a NyaHarawa, amene pa kanthawi kochepa kameneko anali atasesa kale pakhomo, kuanula zovala ndi kuthamangitsa galu.

"NyaHarawa," anatero, "inu mungakhale pampando kuchokera kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake?"

"Ndikhalirenji?"

"Mwaona! Mudzatichititsa manyazi m'mwamba. Mudzafuna kutsegula chitseko kuti mukaone mbuzi."

Madzulo a tsiku lomwelo anapalasa njinga kupita kwa Mthunzi Kamwendo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ntcheu. M'dera lonselo iye yekha ndiye anali atakwerapo ndege, kamodzi, popita ku maphunziro ku Nairobi, ndipo chibwerereni nkhaniyo ankailowetsa ngakhale pophunzitsa za manyowa. Mthunzi anafotokoza zonse mosangalala. Anati munthu amasechedwa asanalowe, amamangidwa lamba, samatuluka mpaka ndege itatera, ndipo injini imalira osapuma.

"Yewo chomene, alangizi," anatero a Chirambo. "Loweruka tinyamuka."

Unali mwezi wa Okutobala, fodya atagulitsidwa kale, chigafa chili chopanda kanthu. A Chirambo anabwereka mabenchi a kwaya n'kuwandandalika m'chigafamo mizere iwiri, pakati n'kusiya kanjira. Anadula machubu akale a njinga kukhala malamba. Kutsogolo anapachika mapu akale a kusukulu, pomwe anakonza zoti azisuntha pegi yoanikira zovala kuti anthu adziwe pamene afika. Amuna anayi oimba besi anawauza kuti adzakhala injini, awiri uku awiri uku. Mayi Isabella NyaMsiska, mnzawo wa a NyaHarawa wa kumpingo, anasankhidwa kukhala wogawa zakudya. Mthunzi anafuna kukhala woyendetsa, koma a Chirambo anakana.

"Inu munakwera ngati katundu, alangizi. Kutsogolera anthu ndi ntchito yanga."

Iwo ankaganiza kuti okwera adzakhala a NyaHarawa ndi anthu awiri atatu oti adzazitse mipando. Koma mbiri inawanda, ndipo Loweruka kum'mawa kukungofiira, pakhomo panali anthu opitirira makumi atatu, ena atavala masuti a ku tchalitchi. A Laws Mfune, oyandikana nawo nyumba, anabwera ndi sutikesi yopanda kanthu, ati munthu sapita ku Ulaya chimanjamanja.

Mthunzi anaima pakhomo la chigafa n'kumasecha aliyense. Analanda mipeni isanu, khasu, legeni ndi tambala wamoyo amene mayi wina ankati akapatse Kezia. A NyaHarawa analowa ndi dengu la mtedza wosasenda ndi mtolo wa masamba a nyemba.

"Zimenezo n'zachiyani?" anafunsa amuna awo.

"Munati miyendo ikhale. Za manja simunanene."

Aliyense atamangidwa kubenchi, a Chirambo anakhala kutsogolo pa mpando wawo wa ndalema, nauza Mthunzi kuti iwo awamange machubu awiri, mfundo zake kumbuyo, chifukwa woyendetsa akamasuka onse atha. Dzuwa litangosuzumira anaimba wezulo. A besi anayamba kulira, mmmm, pansipansi, kenako mokweza. Mthunzi anakuwa kuti onse atsamire chagada. Anthu anatsamira, benchi yakumbuyo inagudubuka ndi amuna atatu miyendo m'mwamba, ndipo a Chirambo analengeza kuti Lilongwe yatsala m'munsi.

Ola loyamba linayenda bwino kwambiri, moti a Chirambo anamva kukoma kumene ankamva kale kwaya ikagwira nyimbo yovuta. Anthu ankasuzumira panja, kuona nkhuku, n'kumauzana kuti ndi ng'ombe za ku Tanzania zikuoneka zing'onozing'ono chifukwa cha kutalika. A NyaMsiska anayenda m'kanjira ndi ndowa ya chindongwa, thobwa la kwawoko, akufunsa aliyense ngati akufuna tiyi, khofi kapena juwisi, ndipo chilichonse chimene munthu wanena ankamutungira chindongwa chomwecho.

Mavuto anayamba ndi injini. Munthu sangalire mmmm maola awiri osatopa. Injini imodzi ya kumanzere inayamba kutsokomola, ina inapempha madzi, ndipo ziwiri za kumanja, pofuna kudzitsitsimula, zinalowa m'nyimbo ya pamaliro. Amayi anailandira. A Chirambo analiza wezulo mwaukali, n'kuloza a Munthali, mmodzi wa a besiwo.

"Ndege siimba! Ndipo a Munthali, ngakhale ikanaimba, inu mwatsika kiyi!"

Kenako chindongwa chinayamba kugwira ntchito yake. Mayi wina anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu n'kupempha kuti apite kuseri. Apa a Chirambo anazindikira kuti pali chimene anaiwala.

"Alangizi, m'ndege amatani?"

"Chimbudzi chimakhala mkati momwemo, Asambizgi, kumbuyo."

Anakambirana mwachangu, nagwirizana kuti ayale zingwe ziwiri za khonje kuchokera kuchigafa mpaka kuchimbudzi, ndipo kanjira ka pakati pa zingwezo kawerengedwe kuti ndi ndege. Woponda kunja kwa chingwe, wagwa. Anthu anandandalika pamzere, akuyenda monyang'ama, manja atatambasula ngati akuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi.

Pegi ili pakati pa dziko la Kenya, a Laws Mfune anaona ng'ombe zikulowa m'dimba mwawo. Anadzimasula, nalumpha chingwe, nathamanga akukuwa, sutikesi ili m'manja. Atazithamangitsa anabwerera ali wefuwefu, koma a Chirambo anawaletsa.

"A Mfune, inu munagwa ku Kenya. Tikumva chisoni chomene, koma akufa sakwera ndege."

"Ndinagwera pa udzu wofewa, Asambizgi."

"Ngati muli moyo, tikapezane ku Addis Ababa. Mudziwa nokha mayendedwe."

A Mfune anakakhala pansi pa mtengo wa mango umene unasankhidwa kukhala bwalo la ndege la Addis, n'kumadikira. Posakhalitsa anapeza mnzawo. Abusa anafika pa njinga yamoto kudzakambirana za nyimbo za mawa lake, naima pafupi ndi mpando wa ndalema, natambasula dzanja.

"Monire, Asambizgi."

A Chirambo anayang'ana kutsogolo ndwii. Mtima unawawawa, chifukwa chibadwire sanakanepo moni wa mbusa. Koma lamulo ndi lamulo. Anayankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Pepani abusa, sitikukuonani. Tili m'mwamba."

Abusa anayang'ana anthu omangidwa ndi machubu, anayang'ana a besi akutuluka thukuta, napita kukakhala ndi a Mfune osafunsanso china.

Ndege inatera ku Addis dzuwa litakwera. Anthu anatuluka akutsimphina, akudziwongola misana, nadya mbatata ndi nthochi pansi pa mango. Ena khumi ananena kuti Addis yawakwanira, ku London adzapita chaka china, ndipo anazemba. Injini imodzi inathawa nawo. Abusa, atamva nkhani yonse, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anapempha mpando wa pawindo. A Mfune anawalola kukweranso atalumbira kuti abwera pa matola.

Chimene chinkawadabwitsa a Chirambo ndi mkazi wawo. Maola anayi onse a NyaHarawa sanasunthe. Mtedza unali utasendedwa theka la dengu, ndipo nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene ali paphwando. A Chirambo anaganiza kuti ndi mphamvu ya pulakatisi, nadziyamikira mumtima.

Ulendo wachiwiri unali wowawa. Dzuwa la Okutobala linakhala pamutu penipeni, mphepo inati zii, machubu anayamba kununkha ndi kumata pa malaya. Injini zitatu zotsalazo zinkalira mosinthana, mawu atasasa. Abusa anagona, kukamwa kuli yasa. A Chirambo miyendo inachita dzanzi, msana unkawotcha, ndipo makapu atatu a chindongwa amene anamwa ku Addis anayamba kugogoda. Anafunitsitsa kuyenda kanjira ka pakati pa zingwe, koma anali atanena okha pamaso pa anthu kuti woyendetsa samasuka. Anapana miyendo, nasuntha pegi mofulumirirapo pang'ono kuposa mmene wotchi inkanenera.

"Asambizgi, tikuthamanga bwanji?" anafunsa Mthunzi.

"Mphepo ili kumbuyo kwathu."

Ngati kuti yamva kuitanidwa, mphepo inabweradi. Pegi ili pamwamba pa chipululu, kamvuluvulu anadzuka m'munda, nazungulira ndi fumbi ndi mapesi, nadzagunda chigafa. Denga linagwedezeka, udzu unauluka. Mthunzi anakuwa mokondwa kuti zimenezi ndiye zenizeni, ndege imatero ikalowa m'mitambo, aliyense agwire lamba. Anthu anagwira. Kenako kuchokera kudenga kunagwa chinthu chonga mpira wa mapepala, n'kutera pakati pa kanjira.

Chinali chisa cha mavu.

Palibe anadikira kuti ndege itere. Injini zinayamba ndizo kuthawa. Abusa anadzuka n'kulumpha benchi ngati mnyamata. Amayi atatu amene mfundo zawo zinakana anathawa ndi benchi yomwe, ikadali yomangidwa kumbuyo kwawo, akukuwa aliyense njira yake. A NyaMsiska anadzivundikira ndowa kumutu, chindongwa chotsala chikuyenderera m'khosi. A Mfune anagwa kachiwiri pa tsiku limodzi, ulendo uno m'chipululu.

A Chirambo anatsala. Machubu awiri, mfundo kumbuyo, ndipo wozimanga anali kale kuseri kwa chulu. Anayesa kuimirira, mpando unaimirira nawo, n'kuwabwezera pansi. Mavu anawapeza. Ena analuma pamphuno, ena pachikope, awiri pakhutu. Analiza wezulo, koma mavu samva wezulo.

"NyaHarawa! NyaHarawa, ndafa ine!"

A NyaHarawa anali atadzifunditsa chitenje mutu wonse. Anayandikira osathamanga, napisa dzanja m'duku, natulutsa kampeni kawo kodulira masamba, nadula machubu onse awiri. Anawafunditsa amuna awo chitenje chomwecho n'kuwakokera panja. Atafika pabwino, a Chirambo anasuzumira ndi diso limodzi limene linali likuonabe.

"Mpeni umenewo unadutsa bwanji pa sechi?"

"Mukufuna ndikubwezereni pampando?"

 A Chirambo anali ndi ulendo wina wofulumira wa kuseri, ndipo anaupita osasamala zingwe.

Madzulo ake anakhala pakhonde nkhope itatupa ngati dzungu, a NyaHarawa akuwathowa ndi kansalu konyowa. Kezia anaimba foni ya vidiyo, ndipo a NyaHarawa anachita kuwagwira dzanja amuna awo kukwera nawo pachulu. Mwanayo ataona nkhope ya bambo ake anayamba ndi kukuwa, koma atamva nkhani anaseka mpaka mwamuna wake anamulanda foni poopa kuti mwana angabadwe tsiku lisanakwane.

Potsika pachulu a Chirambo anali wokhumudwa. "Talephera," anatero. "Sitinafike n'komwe panyanja. Maola anayi athunthu atsala osayeserera."

"Ine ndakondwa chomene," anatero a NyaHarawa.

"Mwakondwa ndi chiyani?"

"Chikwatiwireni, lero ndi tsiku loyamba kukhala pansi mpaka masana, wina n'kumandibweretsera chakumwa. Inu mumati sindidziwa kukhala. Ndikakhala, madzi atunga ndani?"

 M'mawa mwake anthu anaona a Chirambo akuchokera kumjigo ndi zigubu ziwiri panjinga, diso limodzi lotseka, akuyenda mokhotakhota. Anapitiriza kutero masiku onse otsalawo.

Tsiku la ulendo weniweni litayandikira anawaperekeza. Anakwera lole mpaka ku Boma, minibasi mpaka ku Mzuzu, basi mpaka ku Lilongwe, ndipo anagona panjira. Pabwalo la ndege a Chirambo anabwereza malangizo onse, naonetsetsa ndi maso awo kuti m'duku mulibe kanthu. Ndege itanyamuka masana, anaiyang'ana mpaka inasanduka kadontho, napeza kuti m'maso mwadzaza madzi. Anauza munthu amene anaima pafupi kuti ndi zotsalira za mavu.

Anayamba ulendo wobwerera tsiku lomwelo. M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anali pa Njakwa, atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, minibasi imene anakwera ku Mzuzu itaphulika tayala. Foni inalira. Anali a NyaHarawa, pa nambala ya Kezia.

"Awiske Kezia," anatero, ndiko kuti bambo a Kezia, "tafika. Ndasamba kale, ndikumwa tiyi. Inu mwafika?"

"Ndili pa Njakwa."

"Pa Njakwa? Ine ndadutsa mayiko onse aja, inu simunafike n'komwe ku Bolero?"

"Zisiyeni zimenezo. Ndiuzeni, zinayenda monga tinayeserera?"

"Ayi. Mipando ndi yofewa, lamba sanunkha, ndipo injini siipempha madzi. Chovuta chinali chimodzi. Anandikhazika ndi mnyamata wachizungu, mawaya ali m'makutu. Tanyamuka ku Addis, iye duu, moni osapereka. Ndinadikira, ndinadikira. Munthu ungakhale naye maola asanu ndi atatu phewa ndi phewa ngati thumba la feteleza? Ndinamusolola waya umodzi."

A Chirambo anaimirira. "Munatani?"

"Ndinamusolola waya, n'kumupatsa moni m'Chingelezi cha ku mishoni. Anadzidzimuka, koma anayankha bwinobwino. Dzina lake ndi Jimmy. Amagwira ntchito ya mapampu a madzi. Mayi ake anamwalira chaka chatha, sapemphera, sanakwatire, ndipo amadya zam'zitini. Wadya mtedza wanga wonse. Pofika panyanja anali akulira, ine ndikumusisita kumsana."

"NyaHarawa, zimenezo sizinali pa pulogalamu."

"Ndamuuza kuti abwere ku Hewe adzanenepe. Wavomera. Mukonze chipinda cha Kezia chija, denga likudontha."

A Chirambo anayamba kufotokoza kuti mlendo wotero salandiridwa mwachisawawa, pafunika kukhala pansi n'kukonzekera. Anafotokoza nthawi yaitali, akuyenda uku ndi uku, dzanja lili m'mwamba, msana atalozetsa kumsewu. Atatembenuka, tayala linali litasinthidwa, ndipo minibasi inali ikukhota pakona ndi chikwama chawo.

Chikwamacho anakachipeza ku Boma madzulo, kondakitala atachisiya kwa mayi wogulitsa nthochi. Kezia anabereka mwana wamkazi, namutcha Walusungu. A NyaHarawa anakhala ku Mangalande miyezi isanu, nabwerako atanenepa, ali ndi jekete lofika m'mawondo limene amavala ngakhale kukutentha.

Jimmy anabweradi chaka chotsatira, nthawi yokolola. Anakhala milungu itatu, anapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka mphuno, anakonza mjigo wa pasukulu, ndipo a NyaMsiska anamuonetsa ana awo aakazi onse atatu mmodzimmodzi. Sanakwatire aliyense. Koma a Chirambo atamumva akung'ung'udza kanyimbo posamba, anaima kunja kwa bafa n'kumvetsera mpaka anamaliza. Lamulungu lotsatira Jimmy anaima mzere wakumbuyo wa kwaya pakati pa a Munthali ndi a Mfune, atavala yunifolomu yomulekeza m'zigongono, akuimba besi m'Chitumbuka chimene sankamva ngakhale liwu limodzi.